Waya wa mu Nambala Seveni

Mukafunsa ana a mu Kawale muno kuti mdala uja wa chipewa chofiira ankagwira ntchito yanji ku Joni, akuuzani kuti anali injiniya. Ndinawauza ndine. Sukulu ndinaitsanzika ndili Sitandade 6 titasemphana maganizo ndi masamu, koma munthu ukatsika basi ya ku Joni utavala jekete lachikopa palibe amakufunsa satifiketi. Nkhani za kumeneko ndakamba zambiri, zina zoona, zina ndinathirako mchere. Iyi yokha ndinaibisa zaka zonsezi, chifukwa ndi nkhani ya dzina la mnzanga, ndipo amene analiipitsa ndine.

Ndisanapite ndinkakonza mawailesi, masimbi ndi mahotipuleti pakhonde la sitolo ina ku Biwi. Ntchito yathu ija mukuidziwa. Fyuzi ikapsa sitigula ina, timakulungapo kawaya, chinthu n'kuyaka, mwini wake n'kumapita akusekerera. Simbi ya akazi anga a Nabanda ndinaikonza choncho, ndipo inkawagwira nyesi Lamulungu lililonse posita zovala za kutchalitchi. Tsiku londiperekeza kudepoti, anzawo akulira, iwo anangondikonza kolala n'kunena kuti, "Mukakafika, zinthu za eni musakazikonze ngati simbi yanga ija." Ndinaseka mpaka basi inanyamuka.

Ntchito ndinakaipeza ku Kepi, pamalo ena obwereketsa makalavani. Kalavani ndi galimoto yokhala ndi bedi, khitchini, chimbudzi ndi bafa m'kati momwemo. Mzungu ndi munthu wodabwitsa abale. Nyumba yabwinobwino ali nayo, koma amalipira kuti akagone m'galimoto kutchire, n'kumayenda ndi nyumba kumsana ngati kamba. Bwana wathu tinkamutcha Chifunga chifukwa cha fodya. Ukafuna kudziwa komwe ali unkangoyang'ana komwe kukufuka.

Pamenepo ndi pomwe ndinakumana ndi Che Yusufu. Kwawo ndi ku Mangochi, koma banja analisiya ku Area 23, ndiye titangomvana Chichewa tinakhala pachibale. Anali telala. Ankasoka makatani ndi zovundikira mipando ya m'makalavani, ndipo ankalowetsa ulusi pasingano akuyang'ana kwina. Tinkagona chipinda chimodzi kuseri kwa galaja. Iwo ankaphika, ine ndinkalankhula. Iwo ankanditcha a Injiniya mondinyodola, ine ndinkawatcha Shehe, ngakhale ankakana kuti ushehe sanaufike.

Mowa sankaukhudza. Ine ndinkaukhudza, nawo unkandikhudza. Koma ulemu ndinali nawo, musandiyese. Sindinkalowetsa botolo m'chipinda chimene mnzanga ankayalamo mkeka wake n'kuswali. Mabotolo anga ndinkawabisa kunsi kwa mpando m'kalavani iliyonse imene ikudikira kukonzedwa, n'kuwasamutsa ikamachoka.

Chisanu cha ku Kepi si ichi cha mu Lilongwe chongokuvalitsa juzi. Kumeneko kumabwera ndi mvula ndi mphepo ya kunyanja. Mpopi wathu unali panja, madzi ake ngati akuluma. Ine ndinapangana ndi thupi langa kuti tizisamba Loweruka basi. Koma Che Yusufu asanaswali ankasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, kasanu pa tsiku, ndipo Lachisanu thupi lonse. Zala zawo zinkachita kung'aluka. Ndinkawauza kuti, "Shehe, Mulungu akuona kuti kukuzizira, akumvetsani." Iwo ankati, "Akuonanso kuti inu simunasambe chiyambire Loweruka."

Lachinayi lina kunabwerera kalavani nambala seveni, anthu ake akudandaula kuti madzi otentha sanatuluke ulendo wonse. Chifunga anati ndikaone giza.

Giza ya m'kalavani ndi kathanki kakang'ono kotenthetsa madzi ndi gasi, kadzitseko kake kali panja, m'mbali mwa galimoto. Ukatsegula umapeza kachitsulo kozungulira ngati batani la jekete, kotsamira pathankipo, kali ndi mawaya awiri. Bwana ankati sensa, ife tinkati kamlonda. Ntchito yake ndi imodzi yokha. Madzi akatentha kufika pamlingo wake, kamazimitsa moto. Kakafa, giza imakana kuyaka n'komwe, kuti munthu asapse. Ka mu nambala seveni kanali katadyeka ndi dzimbiri, mawaya ake atabiriwira ndi mphepo yamchere ija.

Ndinachita zomwe dzanja langa linazolowera ku Biwi. Ndinadula kawaya, n'kulumikiza mawaya awiri aja mokalambalala kamlondako. Giza inangoti phu, moto buu. Chifunga anafika ndi utsi wake, n'kugwedeza mutu.

"Chabwino, tadziwa kuti vuto ndi sensa. Katsopano kabwera mawa. Wayayo chotsa pompano."

"Pompano, bwana."

Ndinazimitsa gasi, ndinatseka kadzitseko, waya sindinachotse. Ndinati ndichotserenji lero poti mawa nditsegulanso pomwepa.

Lachisanu m'mawa anandipatsa katsopano kali m'kapulasitiki, iye n'kukwera galimoto kupita kutauni. Kuika kamlonda ndi ntchito ya mphindi khumi ndi zisanu. Ndikanaika pomwepo, bwenzi lero ndikukunamizani nkhani ina. Koma ndinaona Che Yusufu akupumira mpweya m'zala kuti agwire sizasi, ndiye ndinaganiza zabwino. Inde, zabwino. Ndinati ndiyatse giza kaye, madzi akangofunda ndizimitse ndekha, mnzanga asambe ngati bwana tsiku limodzi lokha, katsopanoko ndiike masana thanki itazizira. Ndinayatsa.

Pomwepo foni inalira. Anali mnyamata wa basi yonyamula katundu kubwera kuno, akuti anyamuka teni koloko, osatinso madzulo. Ine ndinali ndi chikwama cha mabulangeti ndi nsapato za ana chimene a Nabanda ankandikumbutsa pafoni iliyonse. Ndinachisenza n'kuthamanga. Podutsa pamakina a Che Yusufu ndinakuwa kuti, "Shehe! Nambala seveni ndakonza. Lero kasambeni madzi achizungu!"

"Mwakonza zenizeni, kapena ngati simbi ya alamu ija?"

"Mukulankhula ndi injiniya, inu!"

Za moto umene ndinausiya ukuyaka popanda mlonda zinandichoka m'mutu ngati sizinalowemo. Kubasi ndinapezako anthu akwathu, wina wa ku Mgona, wina wa ku Chinsapo. Tinafunsana za kumudzi, botolo limodzi linaitana mnzake. Ndinabwerera dzuwa litapendeka.

Ndinapeza Che Yusufu atakhala pansi pafupi ndi nambala seveni, manja onse ali m'ndowa. Sankalira. Ankangotchula dzina la Mulungu motsitsa, mano akugundana. Mayi wina wa ku Zimbabwe amene ankatsuka makalavani ndiye anandifotokozera. Che Yusufu atatsegula mpopi kuti ayambe kusamba m'manja, sipanatuluke madzi, panalavuka nthunzi ndi madzi owira. Dzanja lamanja linapsa pomwepo. Lamanzere linapsa poyesa kutseka. Mayiyo ndi amene anathamanga kukatseka gasi, ndipo takisi anali ataitana kale.

Tinawakweza. Che Yusufu anandiyang'ana n'kunena kuti, "A Injiniya, tiyeni."

Ndinati, "Tsogolani, Shehe, nditseke geti. Ndikupezani."

Geti sindinatseke. Takisi itangokhota ndinatenga pulayazi ndi sandipepa, n'kupita pa kadzitseko kaja.

Ndikuuzeni mmene ndinagwirira ntchitoyo, chifukwa m'moyo wanga wonse palibe ina imene ndinaigwira mwaukhondo chotero. Ndinatsegula mpopi kuti madzi ozizira alowe m'thanki. Ndinachotsa batire. Ndinasolola kawaya kanga kaja, kali kotentha, n'kukaponya m'thumba la ovolosi. Kamlonda kakale kanakakamira ndi dzimbiri, ndinachita kukapotokola mpaka kanathothoka, nako m'thumba. Pamalo pake ndinapakwecha ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, chifukwa kamlonda kakapanda kugunda bwino pathanki sikamva kutentha. Nsonga za mawaya zobiriwira zija ndinazidula n'kuika zatsopano. Ndinatulutsa katsopano m'pulasitiki, n'kukakhazika, n'kukapanikiza ndi kasipuling'i kake, mawaya n'kulowetsa, mphira wotchinga mvula n'kubwezera, batire n'kulumikizanso. Kapulasitiki ndinakataya m'bini n'kukakwirira ndi zinyalala zam'mawa. Mphindi khumi ndi zisanu. Ndinachita kuyang'ana wotchi.

Chifunga anafika atamva kale pafoni. Anathamangira pa giza, n'kupeza kamlonda katsopano kakunyezimira. Anayatsa, n'kuima pomwepo ndi fodya wake. Madzi atafunda, moto unazima wokha, mwaulemu. Anayatsanso, unazimanso. Ndiye analowa m'kati n'kuyamba kusanthula. Pachitofu panali ketulo imene anasiya anthu aulendo aja. Kunsi kwa mpando anatulutsa mabotolo anayi.

"Sensa unaika m'mawa?"

"Eya, bwana."

"Mabotolowa ndi a ndani?"

"Kaya, bwana."

"Ndiye basi. Telala wako waledzera, wadzithira ketulo, ndipo akufuna kunamizira galimoto yanga."

Mayi wa ku Zimbabwe uja anayesa kunena za nthunzi, koma iye analowa ngozi itachitika kale, ndipo mapepala ake okhalira m'dzikomo anali ngati anga, kunalibe. Anandiyang'ana kuti ndilankhule. Ine amene ndimalankhula ngakhale m'tulo, tsiku limenelo ndinaona kuti nsapato zanga ndi zochititsa chidwi. Ndimakonda kunena kuti ndinkaganizira ana anga anayi. Bodza. Ndinkaganizira khungu langa.

Milungu yotsatira manja a Che Yusufu anali m'mabandeji ngati mitu ya kabichi. Ndinkawadyetsa ndi supuni. Ndinkawasambitsa, kuwaveka, kuwagwirira foni kukhutu akamalankhula ndi akazi awo. Kuphika ndinaphunzira nthawi imeneyo, ndipo ankadya mosadandaula, chizindikiro choti ankavutikadi. Ankauza aliyense kuti, "Uyu si mnzanga, ndi mbale wanga wa bere limodzi." Mawu amenewo ankandilowa ngati minga ya nsomba pakhosi.

Kamodzi kokha anandifunsa. "A Injiniya, giza ija inatani kwenikweni?"

"Makina a azungu, Shehe. Ali ndi ziwanda zawozawo."

"Nanga mabotolo?"

"Anthu aulendo aja, mwina."

Anangoti, "Mulungu ndiye akudziwa," n'kutsegula pakamwa kuti ndiike supuni.

Mabala anapola, koma zala zitatu za kumanja zinapindika n'kuuma. Singano inkagwa, nsalu inkathawa pamakina. Chifunga anati telala woledzera ndi wopanda zala alibe naye ntchito. Ndinawaperekeza kubasi yomwe ija inandichotsa pa giza. Koma anthu a ku Joni mukutidziwa, nkhani imafika ku Lilongwe basi isanadutse malire. Asanatsike, ku Area 23 kunali kutamveka kale kuti Che Yusufu, uja ankasunga makiyi a mzikiti, anakapsa ku Joni ataledzera.

Ine ndinakhalabe zaka zingapo. Tialonda timeneti ndinasintha tambirimbiri, ndipo palibe kalavani inachoka m'manja mwanga ndi waya wolambalala. Chifunga mpaka ankanditama kwa anzake. Pobwera kuno ndinapeza a Nabanda ali ndi benchi yawo ya kaunjika, nyumba atawonjezera chipinda osandifunsa, mwana amene ndinamusiya akukwawa akundipatsa moni ngati wobwera kudzawerenga mita. Simbi ija anali atataya kalekale.

Che Yusufu ndinawapeza pakhonde pawo akugulitsa mabatani, mazipi ndi ulusi, makina awo akupalasa munthu wina. Makiyi a mzikiti anapatsidwa wina, mwakachetechete, popanda mlandu. Akazi awo, Abiti Saidi, anandilandira ngati mfumu. "Alamu amene munadyetsa amuna anga ndi supuni!" Kuyambira pamenepo Idi iliyonse kunyumba kwanga kunkafika mbale ya mpunga ndi nyama ya mbuzi, yomangidwa pansalu. Ndinkadya. Ndinkapemphanso kuti chaka chamawa awonjezere tsabola.

Tsiku lina amuna awo atalowa m'nyumba, Abiti Saidi anandiyandikira n'kutsitsa mawu.

"Alamu, inu munali komweko. Zaka zapita, sindikwiyanso. Ankamwa?"

"Ine sindinawaonepo akumwa, alamu."

Zinali zoona zokhazokha, koma ndinazinena ngati munthu wobisira mnzake. Iwo anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Amuna simuululana." Ndinaona pamaso pawo kuti funsolo ankagona nalo n'kudzuka nalo. Ndinapempha madzi akumwa, nkhani n'kusintha.

Anandigwira ndi a Nabanda, mwezi wathawu. Ankafuna kugulitsa jekete lachikopa lija poti mimba inalikana kalekale. Posanthula m'thumba lam'kati anapeza kachitsulo kadzimbiri katakulungidwa ndi kawaya.

"Ichi ndi chithumwa?"

Ndinayamba kufotokoza mwanthabwala, mmene ndimachitira. Ndinafika pa mabotolo iwo asanaseke ngakhale kamodzi. Anakhala pabedi, jekete lili pamiyendo.

"Ndiye mpunga wa mayi uja mwakhala mukudya zaka zonsezi?"

"Kukana chakudya ndi mwano, mayi."

"Bambo, Idi yayandikira. Mbale ija ikafika pano musanapite, ndikaibweza ndekha, ndipo ndikanena chifukwa chake."

Ndinakwera minibasi Lachiwiri. Che Yusufu anatulutsa bawo monga mwa masiku onse. Tisanayambe ndinatulutsa kachitsulo kaja n'kukaika m'dzenje limodzi la bawolo.

"Nkhomo yanji imeneyi, a Injiniya? Mwayamba kubera poyera?"

Ndinawauza zonse. Waya, foni, mabotolo, geti limene sindinatseke, mphindi khumi ndi zisanu. Sindinathire mchere. Anakatola ndi zala ziwiri zimene zimagwirabe, n'kukatembenuza, n'kukatembenuzanso. Wamakina uja anasiya kupalasa, n'kunyamuka ngati wakumbukira kanthu kumsika.

"Supuni ija," anatero Che Yusufu, "ndinkayesa chikondi."

"Chinalimo, Shehe. Chinasakanikirana ndi mantha, koma chinalimo."

"Mukanandiuza kuja ndikanafuna kukumenyani, koma manja ndinalibe. Lero manja alipo pang'ono, mphamvu ndiye zatha. Nthawi mumaidziwa kusankha, a Injiniya."

Ndinayamba kupepesa. Anakweza dzanja lopindika lija.

"Zalazi ndinazilira kalekale, maliro ake anatha. Ngozi ndi ngozi, munkafuna ndisambe madzi ofunda. Koma mabotolo aja si ngozi. Ine musandiuze kanthu, ndikudziwa kuti sindinamwe. Pali munthu m'nyumbamu amene sakudziwa." Anatembenuka n'kuitana. "Abiti Saidi! Tabwerani. Alamu anu abwera ndi nkhani ya ku Joni, ya leroyi akuti ndi yoona."

Anatuluka atanyamula beseni ndi jagi, poti chakudya chinali chitapsa. Anaima pomwepo, ine n'kuyambiranso. Kachiwiri inawawa kuposa koyamba. Ndinafika mpaka ponena kuti mabotolo anali anga, onse anayi.

Abiti Saidi sanandilalatire. Ndikanakonda akanatero. Sanandiyang'anenso n'komwe. Anagwada pamaso pa amuna awo, n'kuika beseni pansi, n'kuyamba apisa chala chawo m'jagi kuti amve ngati madzi ali bwino. Kenako anawathirira m'manja pang'onopang'ono, akusisita chala chilichonse chopindika chija, ngati akuchiona koyamba.

"Che Yusufu," anatero, "pepani."

"Zatha, mayi."

"Sizinathe. Lachisanu abambowa akanenenso kumzikiti, pakhomo, anthu akutuluka."

Atatero ananyamula beseni n'kulowa nalo m'nyumba. Manja anga ndinali nditatambasula kale mwachizolowezi. Ndinawabweza n'kuwaika m'thumba.

Lachisanu ndinapita. Ine mkulu wa Mvano ya abambo wosakhulupirika, nditavula chipewa chofiira pakhomo pa mzikiti, ndikuuza madala a mikanjo za giza ya nambala seveni. Ena amene anayambitsa mphekesera ija anamwalira kale akuikhulupirira, amenewo sindingawapeze. Mdala wina anandifunsa kuti kalavani n'chiyani, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinayankha mwachidule.

Idi inadutsa sabata yatha. A Nabanda anaphika nyemba. Ndinakhala pakhonde tsiku lonse ndikunamizira kukonza wailesi, maso ali kumsewu. Mbale sinabwere. Chakumadzulo foni inalira.

"A Injiniya, bawo lija tinalisiyira panjira. Mubwere Lachiwiri."

"Nanga alamu?"

"Akuti mubwere mutadya."